Wayambanso kumenya, kudziluma kapena kuthawa: kupeza chimene chikuutsa khalidwe lovuta kwa munthu wamkulu wa ulumali wa ubongo

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri m'makomo osamala munthu wamkulu wa ulumali wa ubongo kuno ku Mzuzu ndi limodzimodzi. Munthu amene wakhala bwinobwino kwa miyezi, mwina zaka, wangoyamba kumenya anthu, kudziluma, kuswa mbale kapena kukana kutuluka m'chipinda. Abale amati wangoyamba popanda chifukwa, ndipo pempho lawo limakhala lakuti abayidwe jakisoni wogonetsa kapena aonjezeredwe mapiritsi. Ena amayamba apita kaye kwa sing'anga kapena ku mapemphero, ndipo pofika kuchipatala chingwe chimakhala chitasiya kale mabala m'mikono.

Chifukwa chimakhalapo. Munthu wa mawu ochepa, kapena wosalankhula n'komwe, alibe njira yonenera kuti dzino likundiwawa, phokoso landikwana, bambo uja ndikumuopa. Amanena ndi manja, ndi mano, ndi miyendo. Ulumali wa ubongo si misala. N'zoona kuti munthu wotere akhoza kudwalanso matenda a maganizo monga wina aliyense, koma zimenezo tiziganizire titayamba taona thupi lake ndi mmene zinthu zilili pakhomo.

## Yambani ndi kope ndi cholembera

Gulani kope la ana asukulu, mujambulemo mizere inayi:

- tsiku ndi nthawi;
- zimene zimachitika vuto lisanayambe: anali kuti, ndi ndani, anauzidwa chiyani;
- zimene anachita ndendende;
- zimene zinatsatira: munamupatsa chiyani, munamusiya, ndani anabwera.

Lembani kwa masabata awiri, ndipo aliyense womusamala alembemo. Osalemba kuti "anapenga" kapena "anavuta kwambiri", chifukwa mawu amenewo sathandiza aliyense. Lembani kuti "anamenyetsa mutu pakhoma atagwira khutu lakumanzere, nsima itangoikidwa pamkeka". Masiku abwino alembedwenso. Tsiku limene kunalibe vuto lili ndi yankho lake: mwina anagona bwino, mwina anapita kumunda, mwina munthu wina sanabwere pakhomo.

Mukamawerenga kope muona kuti zoutsa zili mitundu iwiri. Pali zimene zimaunjikana pang'onopang'ono, monga kusagona, njala, ululu, kuzizidwa ndi kuphonya mankhwala. Pali zapomwepo, monga kulandidwa wailesi kapena kukalipiridwa. Zili ngati phala lomwe lakhala likubwata kwa nthawi: chikuni chomaliza sindicho chokha chalisefukiritsa. N'chifukwa chake mawu omwewo akuti "kasambeni" dzulo sanautse kanthu, lero autsa nkhondo.

Pansipa, zifukwa zandandalikidwa kuyambira chopezeka kawirikawiri kukathera chosowa.

## Akudzivulaza: kumenyetsa mutu, kudziluma, kudzikanda mpaka magazi

1. Ululu. Khalidwe limeneli likayamba mwadzidzidzi, kapena likakula kuposa masiku onse, tengani kuti china chake chikuwawa mpaka achipatala atatsimikiza kuti ayi. Malo amene akudzimenyawo kawirikawiri amakhala pafupi ndi pomwe pakuwawa.

- Akumenya tsaya kapena kuluma dzanja: unikani m'kamwa ndi tochi ya foni. Yang'anani dzino lobooka, nkhama zotupa, fungo lachilendo, kutafunira mbali imodzi, kukana tiyi wotentha kapena madzi ozizira. Ambiri mwa abale athuwa sanaonedwepo ndi dokotala wa mano chibadwire.
- Akumenya khutu kapena mbali ya mutu: onani mafinya papilo kapena pansalu yotsamira. Osalowetsamo kamtengo ka machesi.
- Vuto limabwera atangodya kapena atangogona chagada, akugeya, akupisa zala kukhosi: chikhoza kukhala chilungulira.
- Kwa mayi kapena mtsikana, lembani masiku a msambo m'kope lomwelo. Vuto likamabwera mwezi ndi mwezi masiku amodzimodzi, mwachipeza.
- Akulira pokodza, mkodzo ukununkha kwambiri kapena uli ndi magazi: akayezedwe. Ngati anakhalako kunyanja, monga ku Nkhata Bay kapena ku Usisya, tchulani zimenezo, chifukwa likodzo liliko.

Njira imodzi yoyesera ndi kumupatsa Panado pa mlingo umene achipatala anakuuzani, n'kuona ngati pakatha ola limodzi mtima wake wakhala pansi. Akadekha, ukhoza kukhala ululu. Koma Panado sachotsa dzino lowola. Pitani naye akaonedwe.

2. Kudzimbidwa. Uwu ndi ululu womwewo, koma ndaupatula chifukwa ndi umene umaphonyedwa kwambiri, ndipo ukalekereredwa umapha. Munthu wamkulu akamapita yekha kuchimbudzi, palibe amene amadziwa kuti anachita liti chimbudzi komaliza. Iye sanena. Mankhwala ena amene abale athuwa amamwa, monga chlorpromazine ndi amitriptyline, amaumitsa m'mimba. Onjezanipo kukhala pansi tsiku lonse, kumwa madzi ochepa m'miyezi yozizira, ndi nsima ya ufa woyera ya ndiwo zochepa.

Pali china chimene sitimachiganizira: chimbudzi chenichenicho. Chimbudzi chokumba cha mdima, cha dzenje lalikulu, pansi poterera nthawi ya mvula, chimaopsa munthu amene miyendo yake ilibe mphamvu zonjuta. Amangodzigwira masiku angapo. Mpando wamatabwa woboola pakati, chingwe kapena mtengo wogwirira, ndi tochi usiku, zimathetsa vuto limene jakisoni sakanalithetsa.

Zoyenera kuona: akuchita chimbudzi kosakwana katatu pasabata, chimbudzi cholimba cha timibulu, mimba youma, kukana chakudya, kukwiya pa nthawi ya chakudya. Chenjerani ndi timadzi ta chimbudzi todetsa kabudula. Ambiri amati watsegula m'mimba n'kumugulira mankhwala oletsa, chonsecho ndi timadzi tongodutsa m'mbali mwa chimbudzi cholimba chomwe chatseka njira. Mankhwala oletsa kutsegula m'mimba pamenepo amangoonjezera vuto.

Chochita: madzi pafupipafupi, operekedwa m'manja osadikira kuti apemphe, mgaiwa, nyemba, nkhwani, bonongwe, mpiru, papaya, kuyenda tsiku lililonse, kumukhazika kuchimbudzi atangodya m'mawa. Zikapanda kusintha m'masiku ochepa, achipatala ali ndi mankhwala ofewetsa.

3. Kuyabwa. Mphere pakati pa zala ndi m'chiuno, nsikidzi m'mphasa ndi m'misoko ya matiresi, matekenya kumapazi. Mphere amachiza banja lonse pamodzi, zovala ndi zofunda n'kuchapidwa.

4. Kusowa chochita. Munthu wosiyidwa pakhonde kuyambira m'mawa mpaka madzulo amadzipezera yekha chomvetsa thupi lake kuti lilipo. Mupatseni ntchito yeniyeni ya wamkulu: kusankha nyemba, kukonola chimanga, kuthirira mbewu, kudyetsa nkhuku, kupukuta mbale.

5. Waona kuti akatero m'pamene anthu amabwera. Ngati kope likuonetsa kuti palibe amene amamulankhula mpaka atadziluma, si kuchenjera koipa. Ndi njira yokhayo imene yamugwirira ntchito. Muzimulabadira asanafike pamenepo, ndipo mumuphunzitse njira ina yoitanira, monga kukugwirani paphewa. Akadzivulaza mutetezeni mwakachetechete, popanda chikhamu ndi zokamba zambiri.

## Akumenya kapena kukankha anthu, akuswa zinthu

1. Akuuzidwa zimene sakuzimva, kapena zomukulira. "Dzukani mupinde zofunda mukatunge madzi musambe tizipita" ndi ntchito zinayi m'mpweya umodzi. Nenani chimodzi, dikirani, muonetseni ndowa kapena sopo. Muwerenge chamumtima mpaka 10 musanabwereze.

Kuno ku Mzuzu pali vuto lina lapadera. Munthu amene wakulira kumudzi ku Mzimba kapena ku Rumphi, mawu ochepa amene amawadziwa ndi a Chitumbuka. Wa ku Chintheche, a Chitonga. Wa ku Karonga, mwina a Chinkhonde. Makolo akamwalira n'kutengedwa ndi achimwene ake a m'tauni, kumene alamu ndi ana amalankhula Chichewa, amangomva phokoso la anthu omulamula. Funsani amene anamulera kuti chakudya, madzi, chimbudzi ndi ululu ankazitchula bwanji. Mawuwo alembeni papepala, mumate pakhoma, aliyense awagwiritse ntchito.

2. Phokoso ndi khamu. Masipika a kutchalitchi kapena a paukwati, chigayo, mvula yamphamvu pamalata opanda siling'i, kuthithikana kwa mumsika waukulu ndi kudepoti. Zizindikiro zimayamba kale: kutseka makutu, kugwedezeka, kung'ung'udza, kuyang'ana kukhomo. Mukaona zimenezo tulukani naye nthawi yomweyo. Kutchalitchi khalani kumbuyo pafupi ndi chitseko. Kumsika pitani m'mamawa, kapena kamsika ka m'dera lanu kakhale kokwanira.

3. Zasintha osauzidwa. Wantchito watsopano, mlendo wagona pamalo pake, mwasamuka ku Chibavi kupita ku Mchengautuwa, magetsi azima pa nthawi imene amaonera kanema. Zimene mungathe kumuuziratu, muuzeniretu, mobwereza, ndi zinthu zooneka: chikwama, nsapato zapaulendo, chithunzi cha kumene mukupita.

4. Kunyozedwa ndi kutengedwa ngati kamwana. Ana a m'mudzi amamugenda kapena kumuimbira nyimbo, iye akabwezera anthu amangoona kubwezerako. Ndipo pakhomo pomwe, bambo wa zaka 35 amalandidwa mbale, kuvulidwa malaya pamaso pa alendo, kuitanidwa ndi dzina lachibwana ndi ana obadwa dzulo. Zimamupweteka monga zingapwetekere inu. Ana aphunzitsidwe kunena kuti amalume, azakhali, achimwene. Musankhitseni pakati pa zinthu ziwiri: malaya awa kapena awa, tiyi kapena phala.

5. Khunyu ndi mankhwala ake. Pafupifupi mmodzi mwa anthu asanu alionse a ulumali wa ubongo amadwalanso khunyu. Ena amakwiya maola angapo asanagwe. Ambiri akangotsitsimuka amakhala osokonezeka, ndipo mukawagwiragwira pamenepo amamenya osadziwa. Si khunyu lonse logwetsa pansi: lina munthu amangoti maso tong'o, kutafuna pakamwa, kufunyafunya malaya. Phenobarbitone amathandiza anthu ambiri, koma ena amawachititsa nkhanza ndi kusakhazikika. Vuto likayamba atangoyamba kapena kusinthidwa mankhwala, kauzeni amene anawalemba. Osawasiyitsa nokha, chifukwa kusiya mwadzidzidzi mankhwala a khunyu kumabweretsa kugwa kosalekeza. Muzikatenga ena akale asanathe.

6. Kutopa kwa womusamala. Ndikunena izi mosaloza chala. Mayi amene sanagone masiku angapo mawu ake amauma, manja ake amafulumira, ndipo m'bale wathuyu amamva zimenezo msanga kuposa tonsefe. Ngati kope likuonetsa kuti vuto limagwa pa munthu mmodzi yemweyo, mwina munthuyo akufunika womulandira. Abale, a mpingo, a m'bungwe la amayi agawane masiku.

Pa nthawi imene wakwiya: chotsani ana ndi mipeni, imani chapatali cham'mbali, alankhule munthu mmodzi yekha ndi mawu otsika, chitseko chikhale chotsegula. Osamugwetsa chafufumimba n'kumukhalira pamsana. Anthu amafa nako kubanika kotero.

## Akukana kusamba, kuvala kapena kudya

1. Kuzizira. June ndi July wa ku Mzuzu tonse timamudziwa. Bafa la panja, madzi a pampopi m'mamawa, ndani angakondwe? Tenthetsani madzi, asambe masana dzuwa likatuluka, chopukutira chikhale pafupi.
2. Womusambitsa. Wamkulu ali ndi manyazi ake. Bambo athandizidwe ndi bambo mnzake, mayi ndi mayi mnzake, ndipo zimene angathe yekha achite yekha ngakhale achedwe.
3. Chilonda chobisika. Onani m'khwapa, m'mphechepeche, pansi pa mabere, pakati pa zala zakumapazi, ndi nsapato ngati zikuthina.
4. Chakudya chasintha. Wokulira kondowole akhoza kukana nsima ya chimanga kwa nthawi ndithu, ndipo si mwano.
5. Kuvutika kumeza. Akutsamwa, akukhosomola pomwa madzi, mawu akumveka a madzimadzi akatha kudya, chifuwa sichikumutha. Adye atakhala tsonga, mbamu zing'onozing'ono, mosathamangitsidwa, ndipo achipatala amuone.
6. Wina anamuchita zoipa. Akayamba mwadzidzidzi kukana kuvula, kapena kunjenjemera akaona munthu wina wake, werengani gawo la nkhanza pansipa.

## Sakugona, akukuwa kapena kuyendayenda usiku

Choyamba onani ngati sakugona masana chifukwa chosowa chochita. Kenako zofunda ngati zikukwana, nsikidzi, udzudzu, njala ngati anadya kukadali kowala, tiyi wamasamba wa usiku, mantha a mdima.

Zikapanda kukhala zimenezo, ganizirani mankhwala. Haloperidol ndi chlorpromazine, mankhwala a matenda a maganizo, nthawi zina amabweretsa kusakhazikika kwa miyendo: munthu amalephera kukhala pansi, amangopondaponda, kukhala, kudzuka, kuyenda. Abale amaona ngati matenda akula n'kupempha kuti mlingo ukwere, ndipo ukakwera vuto limakulanso. Fotokozani kuchipatala mmene akuchitira, kapena mujambuleni pafoni mukawaonetse.

Munthu wa ulumali wobadwa nawo wotchedwa Down syndrome amene amaliza mkonono kwambiri, kumabanika kutulo, kapena kugona atakhala tsonga, akhoza kukhala kuti mpweya umamutsekeka usiku. Akadzuka atadziluma lilime kapena atakodza pogona chonsecho sankatero, mwina amagwa khunyu kutulo.

## Akuthawa pakhomo

Funso ndi limodzi: akuthawira chinthu, kapena akuthawa chinthu? Tsiku lina mutsatireni chapatali muone kumene akulowera. Ngati ndi kokaonera mpira, kwa ochalira njinga za kabaza (sakramento) amene amacheza naye, kapena kutchalitchi, ndiye kuti akufuna anthu. Konzani nthawi yopitako ndi womuperekeza. Ngati amachoka nthawi imene wina wabwera ataledzera kapena pakabuka mkangano, vuto lili m'nyumba.

Ena amalunjika kudepoti kufuna basi yakumudzi, kukasaka mayi awo amene anamwalira. Izi zimachitika kwambiri pamene munthu anabisiridwa maliro, anakamusiya kwa aneba tsiku loika, poganiza kuti sangamve. Amamva kuti munthu wasowa, chimene sakudziwa n'chakuti wapita kuti. Muuzeni zoona ndi mawu achidule, mobwereza, mupite naye kumanda, mumupatse chithunzi kapena chitenje cha malemuwo.

Sokererani kansalu ka dzina ndi nambala ya foni mkati mwa malaya ake, ndipo aneba, a pagolosale ndi amfumu a m'dera amudziwe. Kumutsekera m'chipinda ndi loko kapena kumumanga pamtengo sikuchotsa chimene akuthawa, ndipo moto ukabuka sangatuluke.

## Wangoti zii, wasiya zimene ankatha, wayamba kudzikodzera

Khalidwe ili silisowetsa anthu mtendere, n'chifukwa chake limachedwa kuonedwa, koma ndi loopsa kuposa kuswa mbale.

1. Matenda a m'thupi: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa magazi, shuga, TB, HIV. Asakanizidwe kuyezedwa HIV poganiza kuti munthu wotere sangakhale nako.
2. Mankhwala amuchulukira: akungosinza, dovu likutuluka, manja akunjenjemera, akuyenda mouma.
3. Chisoni ndi matenda okhumudwa, makamaka pambuyo pa maliro kapena kusamuka.
4. Makutu ndi maso: phula la m'khutu lokha limagonthetsa munthu, ndipo ng'ala imamuchititsa kuopa masitepe ndi mdima.
5. Kwa wa Down syndrome: chithokomiro chofooka, chomwe chimayezedwa m'magazi ndipo chili ndi mankhwala, komanso matenda oiwala, omwe kwa iwo amatha kuyamba akapitirira zaka 40. Koma musavomere kuti ndi ukalamba zina zonsezi zisanaonedwe.

## Mukaganizira nkhanza

Mabala osadziwika chiyambi chake, magazi kapena zotuluka kumalo obisika, kuyenda movutika, kuopa munthu mmodzi, kubwera ndi ndalama kapena maswiti osadziwika kochokera, kuyamba mwadzidzidzi kuchita zogonana pagulu, msambo kusiya. Wochita zotere kawirikawiri amakhala wodziwika pakhomo.

Ngati zangochitika, musamusambitse, musachape zovala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Kanenani kupolisi ku Victim Support Unit ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Nkhani yotere si yokambirana pabanja n'kulipitsana mbuzi.

## Lekani zoyesa pakhomo, thamangirani kuchipatala ngati

- wagwa khunyu kopitirira mphindi 5, kapena akugwa mobwereza osatsitsimuka;
- thupi latentha ndipo wasokonezeka, kapena khosi lauma;
- akumwa haloperidol kapena chlorpromazine ndipo thupi lauma gwa, latentha, thukuta lili kamukamu; kapena khosi lapindika, maso atembenukira kumwamba;
- wayamba mankhwala a khunyu a carbamazepine, phenytoin kapena phenobarbitone posachedwa ndipo watuluka zidzolo, matuza, kapena zilonda m'kamwa ndi m'maso;
- mimba yatupa, akusanza, sakutulutsa chimbudzi ngakhale mpweya;
- wamenyetsa mutu ndipo akusanza, akusinza, kapena mbali imodzi yafooka;
- watha tsiku lathunthu osamwa kanthu;
- wameza chinthu, mankhwala a mbewu kapena mapiritsi ambiri;
- moyo wake kapena wa wina uli pachiswe.

Zadzidzidzi zotere pitani nazo ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chilichonse chimene muli nacho pafupi. Za malungo, mkodzo, khutu ndi mphere mukhoza kuyambira pa chipatala chaching'ono monga cha Mapale. Ngati thupi laonedwa, kope mwalemba, zosintha mwayesa kwa mwezi koma sizikuphula kanthu, kapena akulankhula ndi anthu osaoneka, akuseka ndi kulira popanda choutsa, pitani ku St John of God, omwe akhala akuthandiza za matenda a maganizo ndi ulumali wa ubongo mumzinda uno kuyambira zaka za m'ma 1990. Za ufulu wake, maphunziro a ntchito zamanja ndi magulu a makolo, funsani ku bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACODA, lomwe kale linkatchedwa MACOHA, kapena ku bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM. Mapemphero apitirire kwa amene mumakhulupirira, koma asamusalitse chakudya, asamumange, ndipo asamusiyitse mankhwala.

## Poyesa kusintha, ndi popita kukaonana ndi dokotala

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, apo ayi simudziwa chimene chathandiza. Onse a pakhomo achite mofanana. Dziwaninso kuti mukasiya kumupatsa chimene ankachipeza pokuwa kapena pomenya, masiku oyamba amaonjeza kaye asanayambe kutsika. Ambiri amagonja pamenepo n'kuti njirayi yalephera. Koma musamumane njira yakale musanamuphunzitse yatsopano yopemphera chinthu chomwecho.

Popita kuchipatala tengani kope lija, buku lake la kuchipatala, ndi mankhwala onse amene akumwa m'mapaketi ake, azitsamba omwe. Apite ndi munthu amene amamudziwa bwino, osati amene wangopezeka kuti ali ndi mpata. Tengani kachakudya ndi chinthu chimene amachikonda, ndipo uzani anamwino mukangofika kuti sangathe kudikira nthawi yaitali pamzere. Pemphani mwaulemu kuti amuone m'kamwa, m'makutu ndi pamimba, ngakhale avute. Akalemba mankhwala odekhetsa, funsani kuti ndi a vuto liti, zoipa zake zoyenera kuyang'anira n'zotani, ndipo adzaunikanso liti ngati akufunikabe. Tsiku lobwererako lilembedwe m'buku musanatuluke m'chipindamo.